Kukhala deputy mu ofesi ya sherifu ku America: zokuyenerezani ndi ntchito yomwe mukagwire

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chinagawidwanso m'makaunti, omwe amafananako ndi maboma athu. Makaunti ambiri ali ndi sherifu, mkulu wa zachitetezo yemwe anthu amamusankha povota, nthawi zambiri kwa zaka zinayi. Maofesi a masherifu alipo opitirira 3,000. Aliyense amene walumbiritsidwa kugwira ntchito pansi pa sherifu, kuyambira woyang'anira ndende mpaka wolondera pamsewu, kawirikawiri amatchedwa deputy. Si wachiwiri kwa sherifu ayi. Ofesi imodzi itha kukhala ndi ma deputy asanu, ina zikwizikwi ngati ya Los Angeles County, yomwe ndi yaikulu kuposa onse.

Ku Malawi masherifu timawadziwa ngati anthu a khothi obwera kudzalanda katundu wa munthu amene waluza mlandu wa ngongole. Ku America ntchito imeneyo iliponso, koma ndi kagawo chabe. Deputy amamanga anthu, amanyamula mfuti, amayendetsa ndende, amateteza khothi, ndipo kumidzi komwe kulibe polisi ya mzinda, iyeyo ndiye polisi.

Choyamba kudziwa ndi ichi: palibe lamulo limodzi la dziko lonse lonena za munthu woyenera kulembedwa ntchitoyi. Chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake loika mlingo, monga POST ku California ndi TCOLE ku Texas, ndipo ofesi ya sherifu imaloledwa kuwonjezera zake pamwamba pa mlingowo. Choncho werengani zikalata ziwiri, malamulo a bungwe la chigawo ndi chilengezo cha ntchito cha kauntiyo. Ku Alaska kulibe masherifu, ku Connecticut anawathetsa mu 2000, ndipo ku Louisiana makaunti amatchedwa parish.

Zokuyenerezani

Zaka zakubadwa: malo ambiri amafuna 21 kwa wonyamula mfuti pamsewu. Ku Florida amalola wa zaka 19, ndipo woyang'anira ndende atha kuyamba ali ndi 18. Ichi n'chifukwa chake achinyamata ambiri amalowera khomo la kundende kaye.

Unzika ndiye nkhani yaikulu kwa munthu wobadwira kunja. Zigawo zambiri, kuphatikizapo Florida, zimafuna nzika ya America. California inachotsa lamuloli kuyambira pa 1 January 2023, ndipo tsopano imangofuna munthu wololedwa kugwira ntchito malinga ndi malamulo a boma lalikulu, loyang'anira dziko lonse. Illinois inachita zofanana kuyambira mu 2024. Koma musathamangire. Lamulo la boma lalikulu lokhudza mfuti lili pomwepo, ndipo munthu amene ali pa viza ya sukulu kapena ya ulendo alibe mwayi pano. Wa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, ndiye angayese m'zigawo zololazo, atafunsa kaye ofesiyo ngati imalembadi anthu otere. Amuna amene anakhala m'dzikomo ali pakati pa zaka 18 ndi 25 amafunsidwanso umboni woti analembetsa ku Selective Service, kaundula wa amuna amene angaitanidwe ku usilikali.

Maphunziro: satifiketi ya sekondale kapena GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketiyo. Amene anaphunzira kunja, mwachitsanzo wa MSCE kapena digiri ya kumudzi, ayenera kutumiza mapepala ake ku bungwe lounika masatifiketi akunja. Yambani msanga chifukwa kuitanitsa zotsatira kusukulu yakale kumadya nthawi, ndipo funsani ofesi ya sherifu kuti imavomereza mabungwe ati musanalipire ndalama. Maofesi ena safuna kudikira zonsezi, amangoti lembani GED.

Layisensi yoyendetsera galimoto ikhale yamoyo, ndipo mbiri yanu pamsewu ikhale yoyera. Mlandu woyendetsa mutaledzera wa posachedwa umagwetsa munthu pafupifupi paliponse.

Pa milandu, pali zitseko zomwe zikatsekeka sizitsegukanso. Wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu, umene kumeneko amati felony, sangalembedwe. Wochotsedwa usilikali mwamanyazi saloledwa kukhala ndi mfuti. Ndiye pali china chomwe ambiri sachidziwa: lamulo la mu 1996 lotchedwa Lautenberg Amendment limaletsa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja, ngakhale waung'ono, kugwira mfuti, ndipo silipatula apolisi. Munthu amene anavomera mlandu wokankha mkazi wake zaka khumi zapitazo, pongofuna kuti nkhani ithe msanga, anadzitsekera ntchitoyi osadziwa.

Chamba ndi chololedwa m'zigawo zambiri, koma boma lalikulu limachiletsabe, ndipo ofesi iliyonse ili ndi nthawi yomwe iyenera kudutsa chisutireni komaliza. Ngongole nazonso amaziona. Kukhala ndi ngongole si mlandu. Chowadetsa nkhawa ndi ngongole yothawidwa, chifukwa munthu wopanikizika ndi ndalama savuta kumukopa ndi ziphuphu.

Mmene amalembera

Kuchokera pa fomu yoyamba kufika pa tsiku loyamba ntchito pamatha miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka. Musasiye ntchito imene muli nayo.

Mayeso olemba amayesa kuwerenga, kumva ndi kulemba Chingerezi, osati malamulo. Ku California maofesi ambiri amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa PELLETB. Konzekerani galamala ndi masipelo a ku America.

Mayeso a thupi amasiyana. Ambiri amathamangitsa mtunda wa mamailosi 1.5, omwe ndi makilomita 2.4, kuphatikizapo ma push-up ndi ma sit-up. A ku California ali ndi zisanu: kuthamanga mokhotakhota ndi kulumpha zotchinga mayadi 99, kukoka chidole cholemera mapaundi 165 mtunda wa mafiti 32, kukwera mpanda wa waya wotalika mafiti 6, kukwera mpanda wina wosalala wa msinkhu womwewo, ndi kuthamanga mayadi 500. Chidolecho ndi makilogalamu pafupifupi 75. Ambiri amagwa pa mpanda wosalalawo, chifukwa amafuna kudzikoka ndi manja okha. Njira yake ndi kufika ndi liwiro, kuponda mpandawo ndi phazi limodzi, kugwira pamwamba, kenako kukoletsa chidendene n'kugudubukira tsidya. Pa chidole, kolani manja pansi pa khwapa zake, pindani mawondo, mukoke ndi miyendo mukubwerera chambuyo. Wokoka ndi msana amavulala.

Kenako mumakhala pamaso pa gulu lofunsa. Amakonda mafunso ngati awa: mwaimitsa galimoto ya mnzanu wa kuntchito ataledzera, muchita chiyani? Mwaona deputy wamkulu akumenya mkaidi womangidwa unyolo, mutani? Safuna yankho lokometsera. Nenani mwadongosolo: kuteteza munthu, kuletsa cholakwacho, kudziwitsa bwana, kulemba lipoti.

Pamene anthu ambiri amathera ndi pa kufufuzidwa mbiri. Mumadzaza chikalata chachitali chofuna malo onse amene munakhalako, ntchito zonse, mabwana, eni nyumba, achibale, amene munali nawo pabanja, matikiti apamsewu, mankhwala ozunguza bongo alionse amene munalawako. Wofufuza amatumiza zidindo za zala zanu ku FBI, amaimbira anthu amene mwawatchula, kenako amawafunsa kuti amutchulire ena amene inu simunawatchule. Amaonanso Facebook ndi masamba anu ena. Maofesi ambiri amamaliza ndi makina a polygraph, oyesa ngati munthu akunama, ndipo mafunso ake amachokera m'chikalata chomwecho.

Apa mvetsetsani bwino. Chogwetsa anthu kawirikawiri si cholakwa chakale, koma kuchibisa. Amene analemba kuti anachotsedwapo ntchito kusitolo chifukwa chochedwa atha kudutsa. Amene analemba kuti anasiya yekha, wofufuza n'kukapeza kalata yomuchotsa, ndiye kuti zake zada, ndipo ofesi ina akakafunsirako idzaitanitsa fayilo yomweyo. Sungani kope ya chilichonse chimene mwalemba, kuti mayankho anu asasiyane pakati pa ofesi ndi ofesi. Wokulira kunja akonzeretu kalata ya kupolisi ya kwawo yotsimikiza kuti alibe mlandu, ndi manambala a foni a anthu amene angayankhedi akaimbiridwa. Fayilo imaima miyezi chifukwa cha mboni yosapezeka.

Mukadutsa apa amakupatsani kalata yolonjeza ntchito, kenako dokotala amakuyezani maso, makutu, mtima ndi mkodzo, ndipo katswiri wa zamaganizo amakupatsani mafunso mazanamazana n'kucheza nanu. Mafunsowo anapangidwa moti amagwira munthu wofuna kuoneka ngati mngelo. Yankhani mmene mulili.

Kusukulu ya ntchito

Ku California maphunziro oyambira sachepera maola 664. Ku Florida ndi maola 770 kwa wa pamsewu ndi opitirira 400 kwa wa kundende, ndipo pamapeto pali mayeso a chigawo. Mumaphunzira malamulo, kuwombera, kuyendetsa galimoto pa liwiro, kumanga munthu, chithandizo choyamba ndi kulemba malipoti. Maofesi ena amakulipirani muli pasukulu. Kwina munthu amadzilipirira yekha kenako n'kufunafuna ntchito. Anthu amalephera kwambiri pa mfuti, pa mayeso olemba ndi pa kuvulala miyendo chifukwa chobwera osazolowera kuthamanga.

Wopita pamsewu amayenda kaye ndi deputy womuphunzitsa kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo tsiku lililonse amalembedwa mamalikisi. Ofooka pano amakhala osadziwa misewu, osamva wailesi uku akuyendetsa, ndi ochedwa kulemba. Nthawi yoyesedwa imakhala chaka kapena chaka ndi theka, ndipo m'nyengoyi atha kukuchotsani popanda zambiri.

Kundende, komwe ambiri amayambira

Ofuna ntchitoyi amalota galimoto ya sayirini, koma m'makaunti ambiri akuluakulu deputy watsopano amayamba wagwira kundende, mwina zaka. Ndende ya kaunti si ndende ya chigawo. Muno mumakhala anthu a pa rimandi ndi ogamulidwa zilango zazifupi, kawirikawiri zosapitirira chaka. Ambiri khothi silinawapeze olakwa.

Munthu akabwera, dongosolo lake ndi ili: kumusecha, kulemba katundu wake yense pamaso pake n'kumusainitsa, kujambula chithunzi ndi zidindo za zala, kufufuza ngati akufunidwa kwina, kumufunsa za thanzi, kenako kusankha chitokosi chomuyenera. Pa katundu lembani zimene mukuona. Mphete yachikasu ilembedwe kuti mphete yachikasu, osati yagolide, chifukwa tsiku lotuluka mudzafunsidwa golide.

Mafunso a thanzi asafunsidwe mothamanga. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zopha anthu ambiri m'ndende za makaunti, ndipo masiku oyambirira ndiwo oopsa. Chidakwa chosiyitsidwa mowa mwadzidzidzi chitha kuoneka bwino usiku woyamba, n'kuyamba kunjenjemera, kuona zideruderu ndi kukomoka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo izi zimapha. Wa mankhwala a gulu la heroin kapena fentanyl akamapuma pang'onopang'ono, milomo itada, akufunika naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya heroin kapena fentanyl m'thupi, nthawi yomweyo. Mkonono wachilendo wa munthu woledzera si tulo tabwino ayi, mudzutseni.

Kuyendera zitokosi kuli ndi nthawi yake. Ku California ndi ku Texas malamulo amati osadutsa mphindi 60, ndipo ku Texas oopsezedwa ndi vuto la maganizo kapena ofuna kudzipha amayenderedwa pa mphindi 30 zilizonse. Kuyendera kumatanthauza kuona khungu ndi kuona chifuwa chikukwera ndi kutsika, osati kuona bulangete lotukuka. Musamafike pa mphindi yomweyomweyo, akaidi amawerenga nthawi. Ndipo musadzalembe kuti mwayendera musanayendere. Kamera imaonetsa zoona, ndipo oyang'anira ndende aimbidwapo milandu chifukwa cha kaundula wabodza. Imfa ya Sandra Bland m'ndende ya Waller County mu 2015 ndiyo inachititsa Texas kukhazikitsa lamulo la dzina lake mu 2017, lokhwimitsa chisamaliro cha akaidi odwala maganizo.

Womangidwa popanda waranti ayenera kuonedwa nkhani yake ndi woweruza pasanathe maola 48, malinga ndi chigamulo cha County of Riverside v. McLaughlin cha mu 1991. Potulutsa munthu, tsimikizani dzina, tsiku lobadwa, chithunzi ndi chibangili cha pamkono. Mayina ofanana atulutsitsapo munthu wolakwika.

Chenjezo lina ndi pa tinthu tating'ono. Mkaidi amayamba ndi kupempha cholembera, mawa uthenga wopita kwa amayi ake, mkuja foni. Mukangophwanya lamulo kamodzi, wakugwirani pakhosi. Chibwenzi ndi mkaidi ndi mlandu, ngakhale atanena kuti anavomera.

Makaunti ena ali pa mgwirizano ndi nthambi yoona za olowa m'dziko ya ICE pansi pa ndime ya 287(g) ya lamulo la olowa m'dziko, ndipo ma deputy ena amagwirako ntchito yofufuza mapepala a omangidwa. Ena alibe mgwirizanowu. Fufuzani zimenezi musanasankhe kaunti.

Pamsewu

Mashifiti ambiri ndi a maola 12, usiku, Khirisimasi ndi Lamlungu lomwe. M'kaunti ya kumidzi deputy amakhala yekha m'galimoto, mnzake ali kutali mwina theka la ola. N'chifukwa chake pakamwa ndiye chida choyamba. Musanatuluke onani mabuleki, magetsi, wailesi, kamera ya pachifuwa, ndipo sechani mpando wakumbuyo musanayambe komanso mukangotsitsa womangidwa. Chopezeka pamenepo chidziwike mwini wake.

Poimitsa galimoto, uzani kaye a pa wailesi malo, nambala ya galimoto, mtundu wake ndi chiwerengero cha anthu, musanatsike. Yang'anani manja, pakuti chopweteka chimachokera m'manja. Musaime pakati pa galimoto ziwirizo, ndipo kumbukirani kuti galimoto zodutsa nazonso zimapha ma deputy. Taser, chida chofooketsa munthu ndi magetsi, imavalidwa mbali yosiyana ndi ya mfuti kuti dzanja lisasokoneze pa nthawi ya mantha.

Malamulo oyenera kukhala m'mutu ndi ochepa koma olemera. Kuimitsa munthu kwa kanthawi kumafuna chikayikiro chokhala ndi maziko omwe mungawafotokoze, malinga ndi mlandu wa Terry v. Ohio wa mu 1968. Kumumanga kumafuna chifukwa chokwanira chokhulupirira kuti wapalamula. Kulowa m'nyumba kumafuna waranti, chilolezo cha mwini, kapena ngozi yoonekeratu. Nkhani ya tikiti ikatha simungamusunge munthu kuti mudikire galu wonunkhiza popanda chikayikiro china, anatero a khothi lalikulu mu Rodriguez v. United States mu 2015. Chenjezo la Miranda la mu 1966, louza womangidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi wokhala ndi loya, limafunika zinthu ziwiri zikakumana, munthu ali m'manja mwanu ndipo mukumufunsa za mlandu. Mphamvu imene mwagwiritsa ntchito pa munthu imayezedwa ndi Graham v. Connor wa mu 1989: kukula kwa mlandu, kuopsa kwa munthuyo pa nthawiyo, ndi ngati akulimbana kapena kuthawa. Tennessee v. Garner wa mu 1985 amaletsa kuwombera wothawa amene sakuopseza moyo wa wina. Mukaphonya apa umboni umatayidwa, wolakwa amatuluka, ndipo inu mumasumiridwa.

Womangidwa unyolo asasiyidwe chafufumimba. Mutembenuzeni cham'mbali kapena mumukhazike, chifukwa kulemera kwa thupi lake ndi kwa omugwira kumatseka mpweya. Akanena kuti akubanika, mukhulupirireni. Kutha kuyankhula si umboni woti akupuma mokwanira. Unyolo utsekedwe kawiri kuti usapitirire kufinya mkono.

Maitanidwe a ndewu za m'banja ndi oopsa ndipo ndi ambiri. Dikirani mnzanu ngati n'kotheka, alekanitseni awiriwo, achotseni kukhitchini komwe kuli mipeni, ndipo funsani wovulalayo ngati anakanyangidwa pakhosi, chifukwa zotsatira zake zimatha kubwera mochedwa popanda bala looneka.

Kukhothi ndi zikalata

Kukhothi deputy amasecha olowa, amabweretsa akaidi, amateteza woweruza ndi kusunga gulu la anthu ogamula mlandu kuti lisakumane ndi wina aliyense. Nthawi yovuta ndi ya chigamulo, makamaka pa milandu ya ana ndi ya mabanja. Imani pomwe mukuona omvera, osati pomwe mukuona woweruza.

Mbali ya zikalata ndiyo yofanana ndi ya kwathu ija: kupereka zisamani, zikalata zoletsa munthu kuyandikira mnzake, kulanda ndi kugulitsa katundu pa chigamulo cha khothi, ndi kutulutsa anthu m'nyumba za lendi. Landilodi alibe mphamvu yotulutsa munthu yekha. Amadikira chikalata cha khothi. Ku California sherifu amamata chidziwitso cha masiku asanu, ku Florida cha maola 24. Werengani adiresi kawiri, nambala ya chipinda yomwe, ndipo onani ngati khothi silinaimitse chigamulocho m'mawa womwewo. Pogogoda imani pambali pa chitseko. Munthu amene akutaya nyumba wafika pothera nzeru, choncho mpatseni ulemu ndi mphindi zoti atenge mankhwala, mapepala ndi ziweto zake. Mukatha lembani tsiku, nthawi, malo ndi dzina la wolandira, n'kubweza kukhothi. Chikalata choperekedwa molakwika chitha kubwezera mlandu wonse poyambira.

Lipoti ndi dzina lanu

Gawo lalikulu la shifiti limathera pa kulemba. Lembani zimene munaona, kumva ndi kununkhiza, motsatana ndi nthawi. Musalembe kuti munthu anali woledzera basi. Lembani kuti maso anali ofiira, mawu amakokeka, anatsamira chitseko potsika. Loya adzakufunsani za lipotilo patapita chaka kapena ziwiri, atafananiza liwu lililonse ndi kanema wa kamera yanu. Mukaiwala kanthu, lembani lipoti lowonjezera lokhala ndi tsiku lake. Musakonze loyambalo mwakachetechete.

Chifukwa cha zigamulo za Brady v. Maryland mu 1963 ndi Giglio v. United States mu 1972, oimira boma pa milandu amakakamizidwa kuuza loya wa woimbidwa mlandu ngati mboni yawo inapezekapo ikunama. Maofesi awo amasunga mndandanda wa apolisi otere. Deputy wolowa pamndandandawo umboni wake sulemeranso m'khothi, ndipo ofesi yambiri ilibe pomuika. Bungwe la chigawo lithanso kumulanda satifiketi, dzina lake n'kulowa mu National Decertification Index, kaundula wa olandidwa masatifiketi yemwe maofesi a zigawo zina amaona polemba anthu.

Satifiketiyo imafunanso kuisamalira. Ku California deputy amachita maphunziro owonjezera maola 24 pa zaka ziwiri zilizonse, ku Texas maola 40 pa zaka ziwiri, ku Florida maola 40 pa zaka zinayi, kuphatikizapo kuyesedwa kuwombera nthawi ndi nthawi. Wosamukira chigawo china asaganize kuti pepala lake ligwira ntchito pompo; alembere bungwe la kumeneko, lomwe lingamupatse maphunziro afupiafupi ndi mayeso a malamulo a chigawocho asanavale yunifolomu.